Ngelezi Patsogolo, Pwitikizi Pambuyo

Tenson Chulu anabwerako ku nkhondo ya ku Burma m'chaka cha 1946 atanyamula zinthu zitatu: chijasi cha usilikali chofika m'akakolo, mendulo imodzi, ndi kapepala kamene analembapo mitundu ya anthu a pa dziko lapansi, kuyambira waukulu kwambiri mpaka wotsirizira. Chijasi ndi mendulo sizinalakwire munthu aliyense. Kapepala kaja ndiko kanamutayitsa munda.

Kwawo kunali kum'mawa, kufupi ndi Fort Jameson. Sukulu anaiyamba kwa Adachi n'kuisiya atangodziwa kulemba dzina lake ndi kuwerenga mitu ikuluikulu ya m'nyuzipepala. Maphunziro otere ndi oopsa kuposa umbuli, chifukwa mbuli imadziwa kukhala chete. Ali mnyamata anakalowa ntchito pa famu ya Mbunu wina kumadzulo kwa Lusaka, ndipo anakhalako zaka zisanu ndi ziwiri akuyendetsa ng'ombe za pulawo ndi za ngolo. Apa tinene chilungamo: ng'ombe ankazidziwa. Ankasema goli losatupitsa khosi, ankaphunzitsa ng'ombe yolusa mpaka kumva dzina lake, ndipo ankadziwa bwino lomwe kuti ng'ombe iliyonse ili ndi malo ake m'goli, yakutsogolo kutsogolo, yakumanja kumanja. Mulungu akanamusiya ndi nzeru yokhayo, bwenzi ana ake ali ndi nthaka yawoyawo.

Za ku nkhondo ankasimba kuti anamenyana ndi Ataliyana ndi Ajapani. Zoona zake n'zakuti ntchito yake inali yokoka nyulu zonyamula mpunga ndi zipolopolo, ndipo mfuti anaiomba kamodzi kokha, pa nyani amene anamubera buledi. Nyaniyo anamuphonya. Koma nyanja anaiwoloka ndithu. Mombasa anaiona, Colombo anaiona, ndege za Amereka zinamugwetsera nyama ya m'zitini kuchokera kumwamba. M'sitima ya pamadzi pobwerera, anzake akusanza ndi kutchova juga, iye anakhala masabata atatu ndi kapensulo, akusanja mitundu ya anthu monga mayi asanja mbale pa thandala.

Kwawo sanabwerereko kukakhala, chifukwa minda inali itatha kugawidwa, mbumba itachuluka. Anangopita kukatenga mkazi wake Tisauke ndi mwana wawo Jenala, nabwera nawo ku Chongwe kumene anzawo ambiri a kum'mawa ankakhazikika. Eni nthaka kuno ndi Asoli. Mmodzi wa iwo, dzina lake Lister, anamubwereka kamunda ka m'mbali mwa phiri kumtunda kwa mtsinje wa Kanakantapa. Lister sanali munthu woipa, komanso sanali wopusa. Dambo analima yekha, mlendo anamupatsa pamene miyala inkabereka kuposa chimanga. Chaka chilichonse Tisauke ankatola miyalayo n'kuiunjika m'malire, chaka chotsatira inatuluka ina. Ndipo chaka chilichonse Lister ankadutsa, n'kunena mwaulemu kuti mphwake akadzabwerako ku migodi, malowo adzawafuna.

Munthu wina zikanamusowetsa mtendere. Tenson anali ndi nkhani zikuluzikulu. Loweruka lililonse masana ankavala chijasi chake, ngakhale mu Okutobala pamene agalu amagona m'matope, n'kutsika pa njinga kupita pa mlatho wa Chongwe, pa msewu waukulu wopita kum'mawa. Pamenepo panali kanyumba ka tiyi ka Ezron, pomwe malole ankaima kuziziritsa injini. M'menemo ankamudikira mdani wake wokondedwa, Aloysius, mphunzitsi wa pa sukulu ya mishoni ya Akatolika, munthu wa Sitandade 6 ndi tayi.

"Mtundu waukulu suoneka pa mapu, aphunzitsi," ankatero Tenson, akuwongola kapepala kake pa tebulo. "Uoneka pa thupi pako. Ukauka m'mawa, werenga kuti wamvera ndani. Kabudula wa khaki ni wa ndani? Belu la pa famu ni la ndani? Chitupa m'thumba, msonkho, khoti, msewu uyu? Ngakhale tiyi mukumwayu? Angelezi, nambala wani. Palibe mlandu apa."

"Tiyi ni wa Atchaina, a Chulu."

"Anakubweretserani Mtchaina pa mlatho pano? Munamuona?"

"Mverani imwe," Aloysius ankakweza chala ngati ali m'kalasi. "Pamene Aroma anali kumanga misewu ya miyala, Angelezi anu anali kuvala zikopa monga agogo athu. Zilembo mwalembera kapepala kanuka ni za Aroma. Miyezi ya pa kalendala ni ya Aroma. Mpingo..."

"Aroma si ndiwo Ataliyana?"

"Ni makolo awo."

"Basi, mwadzigwetsa mweka. Ataliyana ninawaona ine na maso aya ku Abisiniya. Chigulu chosawerengeka, atanyamula masutukesi, ise owalonda tili asanu. Mmodzi anatiphikira na kutiphikira. Nambala yotsirizira!"

Chimene sankatchula n'chakuti Mtaliyana yemwe uja ndiye anakonza lole imene inakanika Angelezi asanu ndi mmodzi kwa sabata yathunthu. Zotere sizinkalowa pa kapepala.

Amereka anawaika pachiwiri, chifukwa, ankatero, mtundu umene umataya chitini chabwinobwino suopa za mawa. Ajeremani anali achitatu: munthu amene watentha mudzi kawiri sungamuiwale, ngakhale umude. Apwitikizi anafika pachinayi mwamwayi. Poyamba anali pansi, koma Aloysius tsiku lina, pofuna kuonetsa kuwerenga, anatchula kuti chimanga, chinangwa ndi nsawa zinabwera m'zombo zawo, ndipo Tenson anawakweza. Choncho munthu wodya chimanga m'mawa ndi madzulo anaika obweretsa chimanga pa nambala yachinayi, obweretsa msonkho pa nambala yoyamba, ndipo sanaonepo chachilendo. Pambuyo pawo panabwera Amwenye chifukwa cha nsalu ndi sitolo, kenako Afalansa, Ajapani, Arasha. Atchaina anawaika kufupi ndi kumapeto. Anamva kuti ndi ambiri, koma kanthu kawo sanakaonepo m'sitolo, ndipo analosera motsimikiza kuti sikadzaonekanso.

Nkhani zikanathera pa tiyi, palibe akanavulala. Koma m'chaka cha 1950 Tenson anagula timatole tinayi tofula, ndipo potipatsa maina anatulutsa kapepala kaja. Lalikulu, loyera pamphumi, la nyanga zofanana bwino, analitcha Ngelezi. Lachiwiri, lofiira ndi lamphamvu, Amereka. Lachitatu, lakuda, la maso aukali, Jeremani. Kotsirizira kanali kachabechabe, kathako kowonda, nyanga imodzi yoloza pansi. Ako anakatcha Pwitikizi.

Tsoka lake, ng'ombe sizidziwa kuwerenga. Zitakula n'kulowa m'goli zinadzisanja zokha. Pwitikizi ndiye anapezeka wanzeru. Ankaponda m'mzere umene pulawo yasiya osaphonya, ndipo pa mapeto a munda ankatembenuka asanauzidwe. Iye ndiye anakhala kutsogolo kumanja, malo a mtsogoleri. Jeremani sankalola ng'ombe ina kumuonetsa mchira, motero naye anakhala kutsogolo, kumanzere. Amereka ankakoka ngati ng'ombe ziwiri malinga akhale kumanja, pambuyo. Ngelezi anakula kukhala ng'ombe yokongola kuposa zonse za m'mbali mwa Kanakantapa, yonenepa, yoyenda monyada, yofika poyamba pa madeya. Ankakoka pokhapokha akaona mchira wa mnzake kutsogolo ndi chikoti kumbuyo. Malo ake anali pambuyo kumanzere, pafupi ndi dzanja la mwini wake.

Kwa zaka ziwiri zinalima choncho, Tisauke akutsogolera ndi chingwe, Tenson atagwira pulawo. Mizere inkatuluka yowongoka ngakhale pa miyala. Koma mumtima mwa Tenson chinthuchi chinkamudya. Pa kapepala dziko linali m'malo mwake, m'munda linali chadodolido. Anthu odutsa m'njira ankaima dala kuti amve akufuula, "Ngelezi, ulesi! Koka, iwe!" ndi chikoti kuti thwa. Nkhaniyo inafika mpaka kwa Ezron.

"Namva kuti nambala wani anadya chikoti dzulo," anatero Aloysius akutakasa shuga. "Kapena ni ulemu wa ku Burma umenewo?"

"Bwana sakoka, aphunzitsi. Bwana ayang'anira."

"Kuchokera kumbuyo?"

Anthu anaseka mpaka dalaivala wa lole anatsamwa. Tenson anapinda kapepala kake, ndipo tsiku limenelo tiyi sanamumalize.

Tisauke sanapiteko ku sukulu ndipo za mitundu sankazilowerera. Kamodzi kokha, akumasula ng'ombe dzuwa lili pamutu, anafunsa.

"Atate ake Jenala, pa pepala panu paja, ise tili pa nambala yanji? Achewa, Ansenga, Asoli awa?"

Tenson anaseka mwachifundo, monga munthu woyenda aseka munthu wa pakhomo.

"Ise sitili m'goli, amake Jenala. Ise ndise munda."

Yankho limeneli linamukoma kwambiri moti Loweruka anakalibwereza kwa Ezron.  Tisauke anangolisunga mumtima.

M'chaka cha 1954 boma linalengeza kuti ladula minda khumi ndi iwiri kumunsi kwa Kanakantapa, uliwonse maekala makumi awiri, dothi lakuda lofewa ngati chiwindi, madzi ali pafupi. Munthu wopatsidwa munda ankalembedwa m'buku, ndipo palibe mphwake wa munthu aliyense akanabwera kudzamuchotsa. Ofuna anali opitirira makumi atatu. Bwana wa zaulimi anati sadzamva za mendulo, za mpingo kapena za chibale. Aliyense abwere ndi ng'ombe zake mvula yoyamba ikagwa, alime kachigawo koikidwa zikhomo, iye aone ndi maso. Wolima mowongoka ndi mozama ndiye atenge munda.

Kunena zoona, munda umodzi unali kale m'manja mwa Tenson. Aliyense ankadziwa. Munthu amene ng'ombe zake zimawongola mzere pa miyala, pa dothi lofewa angalephere bwanji? Tisauke anali atapita kale kawiri kukaona malowo. Anasankha pomanga nyumba, pafupi ndi mtengo wa mkuyu, ndipo anauza Jenala kuti miyala atola chaka chino ndi yotsiriza. Mwezi womwewo Lister anadutsa n'kunena kuti mphwake walemba kalata, akubwera chaka chamawa.

Mvula inagwa pakati pa Novembala. Tsiku la mayeso, m'mawa, anafika ndi ng'ombe pa malo aja. Anthu anali atadzaza, galimoto ya bwana itaima pansi pa mtengo, mlangizi atanyamula buku. Aloysius anabwera ndi ana a sukulu kuti aone ulimi wamakono. Tenson anali m'chijasi, mendulo itapukutidwa ndi phulusa. Tisauke anagwira Pwitikizi kuti amulowetse m'goli la kutsogolo, monga mwa masiku onse.

"Leka," anatero Tenson. "Lelo Ngelezi apita kutsogolo. Amereka pambali pake. Jeremani na Pwitikizi kumbuyo."

Tisauke anamuyang'ana kuti aone ngati akuseka. Sankaseka.

"Mwadwala?"

"Uganize, mkazi iwe. Mzungu aimirire apo, ine nizifuula kuti Ngelezi waulesi, nizimukwapula pamaso pake? Anganipase munda? Koma akaona Ngelezi atsogolera, adzadziwa kuti uyu ni munthu wodziwa dziko."

"Musamutchule dzina. Mukwapuleni chabe mwakachetechete."

"Anthu onsewa adziwa maina. Aphunzitsi aja abwerera chimenecho."

"Atate ake Jenala, nipempha. Ngelezi sanayendepo kutsogolo chibadwire. Imwe ndimwe munaniphunzitsa kuti ng'ombe siisinthidwa malo. Lekani tilime, titenge munda, pepala muzikawerenga pa khonde la nyumba yatsopano."

Tenson ankadziwa kuti mkaziyo akunena zoona. Izi ziyenera kunenedwa, chifukwa ena pambuyo pake ankati anaiwala, kapena anamwa. Sanaiwale ndipo sanamwe. Manja ake omwe, pomanga zingwe pakhosi pa Ngelezi, ankachita ngati akukana. Koma anaona Aloysius ataima ndi tayi yake akumwetulira, anaona mzungu, anamva kapepala m'thumba la chijasi, ndipo anaganiza kuti kachigawo kakang'ono kotere ng'ombe zingapirire. Kwa zaka zisanu ndi zitatu anali akuuza anthu mmene dziko liyenera kuimira. Lero, kamodzi kokha, anafuna kuti aliimike choncho anthu akuona.

Mlangizi anaitana dzina lake. Tenson anamenya sawacha ya usilikali, nagwira pulawo, nafuula mokweza kuti mzungu amve bwino.

"Ngelezi, patsogolo! Tiye!"

Ngelezi anakweza mutu. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake kutsogolo kwake kunalibe mchira wa ng'ombe ina, kunali dziko lonse lotseguka. Analiyang'ana mwaulemu wake wonse, ndipo sanasunthe. Tisauke anakoka chingwe. Jeremani, amene anali asanaonepo matako a mnzake pafupi chotero, analeza mtima pang'ono, kenako anabaya Amereka ndi nyanga. Amereka analumpha, ndipo popeza moyo wake wonse ankayenda kumanja, anayamba kukankhira Ngelezi kumanja kuti apeze malo ake. Ngelezi anavomera kukankhidwa, chifukwa kumanja komweko anaona msipu wobiriwira pa chulu. Gulu lonse linanyamuka ulendo wa ku chulu.

Pwitikizi yekha ndiye ankadziwa kumene mzere uyenera kupita. Anayesa kukokera kumeneko, kang'ombe kochepa pakati pa zimphona zitatu, mpaka tcheni chinamupinga mwendo, nagwada. Pulawo inatuluka m'dothi, inalowanso, inazula chikhomo choyamba, inadula chingwe cha mlangizi, inalemba pansi chinthu chofanana ndi njira ya njoka yomenyedwa. Tenson ankathamanga pambuyo, chijasi chikumukola miyendo, chikoti chili m'manja. Ng'ombe yofunika chikoti inali kutali kutsogolo kumene chikoti sichifika, ndiponso anali atalumbira kuti saikwapula. Choncho anakwapula Pwitikizi.

Zonse zinaima pa chulu. Ngelezi anaweramitsa mutu wake wokongola nayamba kudya.

Ana a sukulu anaseka mpaka ena anagona pansi. Aloysius sanawaletse. Bwana wa zaulimi anabwera pang'onopang'ono, munthu wamtali wofiira tsitsi, kaliwo ali kukamwa. Anayang'ana mzere, anayang'ana ng'ombe, nalankhula Chinyanja chake cha m'buku.

"Ng'ombe yaing'ono iyi ndiyo idziwa ntchito. Chifukwa ninji mwaiika pambuyo?"

Tenson anamenyanso sawacha, akupuma wefuwefu. Apa mpata unalipo. Akanati, ndalakwa bwana, ndiloleni ndimange bwino. M'malo mwake anapisa dzanja m'thumba natulutsa kapepala.

"Ni ulemu, bwana. Iyi yakutsogolo ni Ngelezi, chifukwa Angelezi ndimwe nambala wani pa dziko lonse. Iyi ni Amereka, nambala thu. Iyi Jeremani. Kaja ni Pwitikizi chabe."

Mzungu anachotsa kaliwo kukamwa. Analandira kapepalako, nawerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi, natembenuza kuti aone ngati kumbuyo kuli zina.

"Ine sindine Mngelezi," anatero. "Ndine Msikochi. Asikochi sindikuwaona pano."

Tenson ankawadziwa Asikochi. Ku nkhondo anawaona, ndipo ankayesa kuti ndi Angelezi omwewo, kungoti ovala masiketi. 

"Zilibe kanthu," anatero bwanayo pomubwezera kapepala. "Sindinabwere kudzaona mitundu. Ndabwera kudzaona mzere." Anagwedeza mutu kwa mlangizi, mlangizi analemba m'buku, ndipo anapita kwa wotsatira.

Wotsatirayo anali Fabiano, munthu wa ku mishoni amene ulendo wake wautali m'moyo unali wa ku Lusaka kukachotsa dzino. Ng'ombe zake zinali ziwiri zokha, Bulaki ndi Kamwendo. Fabiano sankadziwa ngati Amereka ndi dziko kapena ndi munthu. Analima mizere yake mosathamanga, siinali yokongola kwenikweni, koma inkayambira pa chikhomo n'kukathera pa chikhomo.

Anthu onse atakhamukira kwa Fabiano, Tisauke anamasula ng'ombe pa chulu paja. Sanapemphe chilolezo kwa mwamuna wake, amene anali atakhala pansi chijasi chili pa mawondo. Anabweza Pwitikizi kutsogolo kumanja, Jeremani pambali pake, Amereka ndi Ngelezi pambuyo. Anamanga chitenje molimba, nagwira pulawo yekha popanda womutsogolera, nalankhula ndi Pwitikizi motsitsa mawu. Ng'ombe zinayenda. Ngelezi atayamba kuzengereza, anamupatsa chikoti chimodzi chomveka mpaka ku galimoto. Theka la kachigawo limene linatsala analitembenuza lonse, mizere yowongoka ngati yoyezera ndi chingwe, dothi lakuda litagona mbali imodzi.

Bwana uja anacheuka, naona, nabwerera. Anayenda m'mbali mwa mizereyo, analowetsa ndodo kuyeza kuya kwake.

"Uku ndiko kulima," anatero. "Lero sindinaone wina woposa apa."

Tisauke anagwada. "Ndiye tilembeni, bwana."

Bwana anayang'ana mlangizi. Mlangizi anatsegula buku, naonetsa kuti pa dzina la Tenson Chulu palembedwa kale, ndipo cholembedwa ndi inki sichifufutidwa. Nanga dzina la mkaziyo? Bwana anakanda tsitsi lake lofiira, nati pepani, malamulo a minda iyi akuti wolembedwa akhale mwamuna, mutu wa banja. Buku la mtundu woyamba pa dziko lapansi linalibe mzere wa mkazi, ngakhale kuti kwawoko ankalamulidwa ndi mkazi ndipo nkhope yake inapachikidwa m'maofesi onse. Munda wa pa mkuyu unapita kwa Fabiano.

Pobwerera anakwera phiri dzuwa likupendeka, ng'ombe patsogolo, pulawo ikukwekwerezeka chammbali. Anayenda mpaka anafika pa mulu woyamba wa miyala, malire a kamunda ka Lister. Pamenepo Tisauke anaima.

"Atate ake Jenala, munaniuza kuti ise ndise munda."

Tenson anayang'ana mulu wa miyala uja, Tisauke napitiriza.

"Anzathu ni munda, inde. Ise na munda womwe tilibe. Tipezereni nambala ina."

Loweruka lotsatira sanapite kwa Ezron, ngakhale linzake. Loweruka lachitatu anatsika, wopanda chijasi, nakhala pa malo ake, nawongola kapepala. Aloysius anali atakonzeka ndi mawu a masabata atatu, koma Tenson anamutsogolera.

"Nakonza pang'ono," anatero. "Angelezi natsitsa. Nambala folo."

"Chifukwa?"

"Mtundu umene uyenda pokhapokha wina ali kutsogolo kuukokera, ndipo ufika poyamba pa madeya. Naganiza bwino."

"Mwaganiza imwe, kapena yakuganizirani ng'ombe?"

Tenson anatulutsa kapensulo. Apwitikizi anawakweza pamwamba, ndipo pansi penipeni, pambuyo pa Ataliyana, anawonjezera Asikochi. Za Achewa, Ansenga ndi Asoli sanalembe, ngakhale malo analipo.

Zaka zimenezo zinali za Chitaganya, pamene dziko lino analimanga goli limodzi ndi Southern Rhodesia ndi Nyasaland anthu asanafunsidwe, ndipo mitima inali itatentha. Mbiri inayenda m'malole kuti ku Chongwe kuli msilikali wakale amene anatsitsa Angelezi pamaso pa anthu, ndiponso amakwapula Ngelezi m'munda tsiku ndi tsiku. M'chaka cha 1958 anyamata awiri a chipani cha Kongiresi anakwera phiri kudzamupempha kuti akalankhule pa msonkhano. Anapita, atavalanso chijasi. Analankhula ola lathunthu za ubwino wa Apwitikizi, anthu amene pa nthawi yomweyo ankamanga anzathu ndi zingwe kutsidya kwa Luangwa n'kuwalimitsa thonje mokakamiza. Sanamuitanenso. Komabe alipo ena amene amanena kuti Tenson Chulu ndiye anayamba kutsutsa azungu m'dera lino. Limenelo ndi bodza. Munthuyo anakwiyira ng'ombe.

Mphwake wa Lister anabweradi m'chaka cha 1955, natenga theka la kumunsi la kamunda kaja, kumene miyala inali yocheperako. Banja la Chulu linatsala ndi theka la kumtunda. Fabiano anamanga nyumba ya njerwa pafupi ndi mkuyu, pamalo penipeni pamene Tisauke anasankha, ndipo m'zaka zitatu anagula ngolo. Tisauke akamapita kukatunga madzi chilimwe, zitsime za kumtunda zitauma, ankadutsa pakhomo pomwepo. Ankapereka moni, osaima.

Kuyambira tsiku la mayeso lija Tenson sanamangenso ng'ombe m'goli. Palibe anamuletsa ndi mawu. Kungoti m'mawa uliwonse wolima, akamatuluka m'nyumba, ankapeza Tisauke atamanga kale, Pwitikizi kutsogolo kumanja, Ngelezi pambuyo kumanzere. Iye ankangolandira chikoti, n'kugwira pulawo, n'kuyamba kutembenuza miyala.